Kusaka Nyanja Yamchele ku Petauke

Lolemba
Dzanja lanjenjemela kuyambila m'mawa. Tiyi theka m'kamwa, theka pa buluku. Esnart, mwana wanga namwino ku Lusaka, watumiza nkhani pa foni. Akuti matenda angawa a Pakinisoni mwina amayambila m'matumbo: tizilombo tabwino tikachepa mumatupa, ubongo n'kuvutika. Akutinso zomela za m'nyanja yamchele zingathandize. Ine mphunzitsi wopuma, ndikhale chete? Pulani:
1. Kupeza za m'nyanja.
2. Kudyetsa tizilombo.
3. Kudabwitsa adokotala.

Lachiwili
Kavuto kochepa: Zambia ilibe nyanja yamchele. Ndinkaphunzitsa zimenezi ndekha. Kumsika, mai wogulitsa tinsomba ta kapenta akuti, "Bambo, madzi ni madzi." Ndagula. Amake Esnart angonunkhiza: "Wa ku Siavonga uyu, madzi opanda mchele."

Lachitatu
Nsomba za m'chitini! Pachitini ajambulapo mafunde. Potsegula dzanja layamba gule wake. Msuzi pakhoma, nsomba pansi, pusi wamaliza. Pusi sakunjenjemela. Umboni woyamba.

Lachinayi
Mlamu wanga a Mwanza, oyendetsa thilaki yochokela ku Beira, akuti tikumane pa Nyimba. Minibasi yodzaza, aliyense akunjenjemela, palibe wondiyang'ana. Ndakondwa. Andibweletsela:
zigoba ziwili za nkhono,
botolo la madzi a m'nyanja,
moni.
Nditafunsa zomela zija, iwo akuti: "Udzu wa m'nyanja, mlamu? Ngakhale mbuzi za kumeneko siziudya."

Lachisanu
Masupuni atatu a madzi aja, kenako kapu, poti sayansi imafuna kulimba mtima. Matumbo amene akhala chete masiku anayi ayankha onse pamodzi! Mwendo umene ndimakoka poyenda lelo wathamangila kuchimbudzi. Kuchipatala adokotala adabwadi: "A Tembo, inu ophunzila?" Andipatsa madzi a mchele ndi shuga. Amake Esnart aseka mpaka misozi, kenako kusekako kwatha, misozi yokha yatsala.

Loweluka
Esnart pa foni: "Atate, munawelenga mpaka pansi? Akali kuyesa pa mbewa!" Pansi sindinafike. Chala chinadumpha.

Sondo
Mapilitsi akale aja, nthawi yake yomweyo. Nyemba, chibwabwa (masamba a maungu), kuyenda mpaka pa mjigo ndi kubwelela. Dzanja lili monga mailo, silinasinthe. Kwinakwake mbewa zikudya za m'nyanja, zikuyenda mowongoka, boma lawo likulipila. Ndafunsa amake Esnart ngati tingaitanitseko khumi, zowamba kale, tidyele limodzi ndi mankhwala ake.
"Imwani mapilitsi, a Tembo."
Ndamwa.