Gulo Atasiya Kugwedeza Mutu

Padali nkhalango ina yotchedwa Mpatsamoto, ngakhale kuti moto wakewo panalibe amene anauwothapo. Kumeneko ufumu sunali wobadwa nawo ayi. Zaka zisanu zilizonse nyama zinkapita kuseri kwa chulu kukaponya tsamba m'mphako ya mtsogoleri amene zamufuna, ndipo zaka zisanu zilizonse zinkadabwa kuona kuti wosankhidwayo wagontha makutu tsiku lomwe walumbira.

Chaka chimene ndikunenachi chisanu chinabwera ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Nkhani pakamwa pa aliyense inali imodzi: tifunda chiyani, tiwotha chiyani? Ziphaniphani zimene boma linalemba ntchito yowunikira nkhalango zinkayaka kamodzi n'kuzima katatu, ndipo ukafunsa ankati zikukonzedwa. Opikisana anali awiri, Mkango amene anali pampando, ndi Nyani amene ankausirira mpandowo mpaka kumeza malovu. Nyama zaubweya zinali zitagawikana pakati ndendende. Tsono maso onse anatembenukira Pathanthwe, kumene kunkakhala agulo ndi abuluzi, mtundu wosauka koma wochuluka, umene atsogoleri ankaukumbukira pokhapokha chisankho chikayandikira.

Pathanthwepo pankakhala gulo wina dzina lake Kadewere, bambo waulemu, wosakonda phokoso. Mkazi wake, Nachanza, anali ataikira mazira asanu ndi anayi mumchenga wa m'munsi mwa thanthwe. Gulo safungatira mazira ngati nkhuku. Amawakwirira n'kuwasiyira dzuwa, ndipo dzuwa likapanda kufika pamchengapo masiku angapo, mwana amafera m'chigoba. Choncho mfundo yonse ya Kadewere pa nkhani ya mphamvu inali yaifupi: dzuwa lizifika pamchenga.

Koma Namalenga anam'patsa gulo khalidwe limodzi lovuta. Akamaganiza, mutu umakwera n'kutsika. Akamva njala, umakwera n'kutsika. Ngakhale akwiye chotani, mutu uli gwede gwede, ngati wamva uthenga wabwino.

Kutatsala masiku anayi kuti chisankho chichitike, panatera Khwangwala, mkulu wa kafukufuku wa maganizo a nyama. Anali ndi kolala yake yoyera ija, yosachapa koma yosada, ndi thumba la timiyala: toyera ta ovomera, takuda ta okana.

"Bambo Kadewere, funso ndi lalifupi," anatero Khwangwala. "A Mkango akuti amanga uvuni waukulu wa makala kuti nyama iliyonse iwothe moto. Dzina la ntchitoyi ndi Moto kwa Onse. Mukugwirizana nazo?"

Kadewere anayamba kuganiza. Makalawo achokera mitengo iti? Nanga utsi upita kuti? Mutu unakwera n'kutsika. Asanatsegule pakamwa, kamwala koyera kanali katagwa kale m'thumba.

"Pepani achikulire, sindinayankhetu."

"Mwayankha, bambo. Ife a kafukufuku timawerenga thupi, pakamwa pamanama," anatero Khwangwala, n'kudumphira kwa gulo wotsatira.

Masana anabweranso Khwangwala yemweyo, kolala yomweyo, thumba lina. Ulendo uno anatumidwa ndi Nyani. Mfundo ya Nyani inali yamakono: kukolola dzuwa masana, kulitsekera m'zipanda, n'kumaligawa nthawi yozizira. Kadewere anadabwa kwambiri, ndipo gulo akadabwa mutu umachita kuthamanga. Khwangwala anaponya timiyala tiwiri.

Kuyambira tsiku limenelo nkhalango inasowa mtendere. M'mawa Khwangwala ankalengeza pamwamba pa mbawa kuti agulo khumi mwa khumi alionse ali pambuyo pa Mkango. Madzulo ankalengeza pamtengo womwewo kuti agulo khumi mwa khumi ali ndi Nyani. Panalibe wofunsa kuti agulowo alipo mitundu ingati. Gwape, amene ankaopa Mkango, anayamba kumanga katundu m'mawa n'kumasula madzulo. Kadewere chakudya chinam'kanika, nyerere zinkamudutsa pamphuno iye ali maso gwa.

"Kodi aNachanza, tivotera ndani?" anafunsa mkazi wake. "Akuti tonse tavomera Mkango. Akutinso tonse tavomera Nyani. Ndiye ngati tavomera kale, tikapitirenji kuchulu?"

"Inu abambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anayankha Nachanza akupapasa mchenga. "Makala sindinawaone, chipanda cha dzuwa sindinachione. Chimene ndachiona ndi dzuwa ili, ndipo silinapemphe voti kwa munthu."

Kutacha, anadzidzimuka ndi phokoso la nkhwangwa. Njati ndi anyamata ake a chipani cha Mkango anali akuzika mitengo kum'mawa kwa thanthwe. Pofika masana panali chisakasa chachikulu chosungiramo makala, chofolera bwino, ngakhale kuti khala ndi limodzi lomwe linali lisanawotchedwe. Anyani ataona zimenezo sanafune kutsalira. Anamanga thandala lalitali kumadzulo, n'kuyalapo zipanda mazanamazana zoyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Chisakasa chinadya dzuwa la m'mawa, thandala linadya la madzulo. Pamchenga wa Nachanza panangotsala kachidutswa ka dzuwa kofika masana, kosakwana n'kuumitsa dontho la mame.

"Pitani mukanene," anatero Nachanza. "Mchenga wazizira. Mawa ukakhala chonchi, tikwirira ana tisanawaone nkhope."

Kadewere anapita ku msonkhano wa Mkango umene unachitikira pa chisakasa pomwepo. Mkango anali pakati pa mawu.

"Abale anga okwawa! Ine ndi inu ndife amodzi. Inenso ndimagona pamwala! Chisanu chimenechi sindinachibweretse ndine, chinabwera ndi mphepo ya m'boma lapitalo." Anaiwala kuti boma lapitalo linalinso lake. "Mukandisankhanso, khala lidzafika pakhomo pa aliyense. Amene alibe khomo tidzamumangira khomo, kuti khala lipeze pofikira!"

Nyama zinawomba m'manja kuti zifunde. Kadewere anakwera pachitsa n'kutsokomola.

"Wolemekezeka, pepani. Chisakasachi chatchinga dzuwa. Mazira a kwathu akuzizidwa."

Mawu a gulo ndi aang'ono, koma mutu wake umaonekera patali. Mkango anamuloza ndi chikhatho chonse. "Mwamuona? Taonani m'mene akuvomerezera! Bambo, khalani pansi, uthenga wanu wafika."

Kwa Nyani zinali chimodzimodzi, kungosiyana kununkhira kwa mawu. "Mkango ndi wachikale," anatero Nyani akusisita chipanda. "Akufuna kukudetsani ndi utsi. Ife tikusungirani dzuwa. Lero muzizidwa pang'ono kuti mawa mufunde kwambiri. Chitukuko chimafuna kudzimana." Kadewere anasuzumira m'chipanda chimodzi n'kupezamo kangaude ndi mdima. Anabwerera kwawo mtima uli zii, akudziwa tsopano chifukwa chake akulu amati anyani amasekana zikundu.

Tsiku lomaliza kampeni kunacha ndi chiperoni. Thanthwe, limene linali litakhala masiku awiri pamthunzi, linazizira ngati mphuno ya galu. Kadewere anatuluka mumng'alu wake n'kukwawa movutikira mpaka pamalo pake pa nthawi zonse, ndipo pamenepo thupi linakana. Magazi a gulo amayenda ndi dzuwa. Miyendo inauma, mchira unauma, khosi linauma. M'maso mokha ndi mmene munali moyo, ndipo m'masomo munali mantha, chifukwa ankaona mchenga uja uli nyowe ndipo sakanatha kuchitapo kanthu. Agulo onse Pathanthwe anali chimodzimodzi, ndaa, ngati zosema.

Khwangwala anatera ndi matumba onse awiri kudzachita kafukufuku womaliza.

"Bambo Kadewere, mawa muvotera a Mkango?"

Mutu uli duu.

Khwangwala anapendeka, nayang'ana ndi diso lina. "Ndiye kuti a Nyani?"

Duu.

Anafunsa gulo wachiwiri, wachitatu, mpaka wachikhumi. Palibe anagwedeza, palibe anapukusa. Khwangwala anapisa m'thumba n'kupeza kuti alibe kamwala ka mtundu umenewu. Pa zaka zonse za ntchito yake anali asanakumanepo ndi gulo wosavomera. Anauluka thumba limodzi n'kuliiwala, akukuwa nkhalango yonse: "Agulo agalukira! Pathanthwe sipakudziwika! Sakuyankha!"

Palibe chimene chimaopsa wofuna mpando ngati wovota amene sakudziwika maganizo. Wokana umadziwa pomunyengerera, wovomera umamuiwala, koma wongokuyang'ana amakusowetsa tulo. Dzuwa lisanakwere, Mkango ndi Nyani anafika Pathanthwe akupikisana liwiro, aliyense ndi gulu lake.

"Bambo Kadewere, mnzanga wakalekale," anayamba Mkango, amene dzinalo anali atangolimva kwa Khwangwala m'njira. "Chavuta n'chiyani? Ngati ndi makala, ndiwonjezera. Ndikupatsani unduna wa zamoto!"

"Musamumvere!" analowerera Nyani. "Ine ndikupatsani zipanda khumi zanuzanu, zodzaza mpaka pakamwa!"

Kadewere ankafunitsitsa kuyankha, koma nsagwada zinali zitagwirana. Anangowayang'ana. Mkango thukuta linayamba kutsika m'chisanu chonsecho. Pamenepo Nachanza, amene anali atabisala mumng'alu momwe munatsalira kafundidwe pang'ono, anatulutsa mutu. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana akuluakulu awiri aja akunjenjemera pamaso pa gulo wouma, ndipo anazindikira chimene mtundu wake unali usanachidziwe chiyambire.

"Pepani olemekezeka," anatero mwaulemu wonse. "Amuna anga sayankhula pamthunzi."

Kenaka Mkango anabangula: "Ndani anamanga chisakasa ichi pamalo a anzathu? Ndani?" Njati anatsegula pakamwa, n'kuona kuti ndi bwino atsekenso. Nyani anali atakwera kale pathandala akugwetsa zipanda ndi manja ake, akufuula kuti iye kuyambira kale ankatsutsa zomanga pamathanthwe. Zipanda zinasweka phwaa phwaa, ndipo nyama zonse zinaona ndi maso kuti simunatuluke dzuwa ngakhale lodzaza supuni. Mkango anasenza yekha mtanda wa chisakasa chake. Chiperoni chitang'ambika chakumasana, dzuwa linagwa pathanthwe ndi pamchenga lonse lathunthu.

Kadewere anamva kufunda kukulowa kumchira, kukwera msana, kufika m'khosi. Ndipo pamodzi ndi kufundako kunabwera chilakolako chija cha makolo ake. Mutu unayamba kufuna kukwera. Khwangwala anali pafupi, kamwala koyera kali kukamwa, matumba onse awiri ali chotsegula.

Nachanza anasendera pafupi ngati akumuchotsa fumbi. "Abambo," ananong'ona, "mukangogwedeza kamodzi, mawa chisakasa chibwerera. Mazira akufuna masiku ena asanu ndi limodzi."

Sindikunama, palibe ntchito imene Kadewere anagwirapo yowawa ngati imeneyo. Khosi linkayabwa, misozi inalengeza, mitsempha inkakoka ngati ikuduka. Anaganiza za ana asanu ndi anayi ali m'munsimo, n'kuluma mano. Gulo woyandikana naye ataona, naye anaumitsa lake, winanso chimodzimodzi, mpaka thanthwe lonse linali mitu yoima, yofunda bwino, yoyang'ana atsogoleri m'maso.

"Tsopano dzuwa lafika, bambo," anatero Mkango mawu atafewa ngati a mkamwini. "Mwaganiza bwanji za mawa?"

Kadewere anatsegula pakamwa pang'onopang'ono, mutu osasuntha.

"Tikuganizabe, Wolemekezeka. Ndipo tikatha kuvota tidzapitiriza kuganiza."

Mkango anaseka kuseka kopanda mano, natsanzika. Njira yake yobwerera kunyumba yachifumu inkadutsa m'mbali mwa mchenga uja, ndipo dzuwa linali litapendeka. Atayenda mapazi atatu anaona chithunzithunzi chake chikukwawira pamene panali mazira. Anaima. Anacheuka n'kupeza maso mazana atatu akumuyang'ana, mitu ili duu. Mfumu ya nkhalango yonse inabwerera chafutambuyo, inapinda mchira, n'kukazungulira kuminga, Nyani akutsatira pambuyo pake chonyang'ama.