Makorali anga atayera mbee

Nkhaniyi sindiikamba pagulu. Mpaka pano ndikamadutsa pamsika wa Chintheche pamapezeka wina wondifunsa ngati miyala yanga yadzuka bwino, ine n'kungoyang'ana kumsewu ngati ndikudikira minibasi.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatira kuno. Ine ndi akazi anga, mayi a Tawonga, tili ndi kaloji ka zipinda zochepa panjira ya ku Kande. Malo ogona oyandikana nafe ali ndi maboti, ife tinalibe chokopera alendo. Tsiku lina ndinaona pafoni thanki yagalasi ya madzi amchere, mkati mwake muli makorali, tizamoyo ta m'nyanja zikuluzikulu tooneka ngati maluwa omera pamiyala. Mtima wanga unathera pomwepo. Mayi a Tawonga anandifunsa chimene munthu angasungire nyanja m'galasi pamene nyanja yeniyeni ili kuseri kwa khitchini. Ndinawauza kuti yathuyi ilibe mchere (ndinayankhula ngati ndi vuto limene akuluakulu alilekerera). Anavomera mochita kukokedwa.

Ndinapeza bambo wina wa ku Dar es Salaam amene amaweta makorali. Anayamba wanditumizira mchere wake wapadera, pampu, getsi labuluu ndi miyala, n'kundiuza kuti madzi akhale akuzungulira milungu ingapo opanda kanthu. Ndinamvera. Alendo ankasuzumira m'thanki yopanda kanthuyo mwaulemu, ena n'kumandifunsa ngati nsombazo ndi zamanyazi.

Kenaka makorali anafika ndi dalaivala wa thiraki, m'kabokosi kosungira zozizira. Ndinkayembekeza maluwa. Ndinapeza tizidutswa tofiirira ngati jinja wokhalitsa pamsika, titakwinyika kuti kwinyi. Ndinaimbira mwini wakeyo mtima uli m'mwamba. Anati tizidutswato tatopa ndi ulendo, nditiike pansi, getsi ndichepetse, ndipo ndisatikhudze mpaka titatambasuka tokha.

Koma inu mukudziwa mmene munthu amakhalira akagula chinthu chimene mkazi wake sanachifune. Ndinkafuna maluwa aoneke msanga. Ndinaganiza kuti chomera chofooka chimafuna dzuwa, ndiye ndinakweza getsi mpaka pamapeto. Titapanda kusintha, ndinayamba kutisuntha m'mawa uliwonse, lero pamwamba pa mwala, mawa pafupi ndi pampu, mkono wonse uli m'madzi (ndinali nditadzola mafuta, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti nawonso ndi mlandu).

Inali nyengo yotentha ija mvula isanayambe, ndipo madzi m'thankimo ankatsika tsiku ndi tsiku. Apa ndinaganiza mozama ndithu. Madzi amchere akachepa, wonjezera madzi amchere. Ndinkasungunula mchere wapadera uja m'ndowa n'kuthira, ndikudziyamikira. Sindinadziwe kuti dzuwa limamwa madzi okha, mchere limausiya. Moti tsiku lililonse ndinkawakoleza makorali anga ngati nsomba zoti ziyanikidwe.

Loweruka lina apongozi anga, msodzi wa zaka zambiri komanso mkulu wa mpingo, anabwera kudzaona zodabwitsazi. Anaima pathankipo nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Mukuti izi ndi zamoyo?"

"Ndi zamoyo, Ada."

"Nanga zadya chiyani chifikireni?"

Ndinayesa kufotokoza kuti zimakhuta kuwala, koma mawuwo anandichititsa manyazi ndisanawamalize. Iwo anapukusa mutu, n'kunena kuti sanaonepo cham'madzi chokana usipa. Anatuma mayi a Tawonga kuti asinje wouma pang'ono. Mtima unkandiuza kuti ayi, koma mkamwini wochokera ku Dedza angatsutse bwanji msodzi pa nkhani ya madzi, pamaso pa mwana wake? Ndinathira ndekha, ndi dzanja langa, n'kuthokozanso.

Pofika Lolemba madzi anali ngati otsukira mpunga wa ku Limphasa, ndipo fungo linali litafika kuchipata. Masana ake magetsi anazima. Pampu inaima, jenereta inakana kulira. Ndinakumbukira kuti madziwo sayenera kukhala chete, ndiye ndinathamangira kukhitchini n'kutenga mthiko. Ndinatsanulira m'thankimo ayisi yense wa zakumwa za alendo kuti madzi asatenthe, n'kuyamba kutakasa. Banja lina lofuna chipinda linandipeza ndili pa mpando, thukuta lili kamukamu, ndikuvundula nyanja ndi mthiko. Mkaziyo anagwira mphuno, mwamunayo anafunsa ngati ndi msuzi wa madzulo. Anakagona kwa anzathu a maboti aja.

Patapita masiku madzi anadikha, ndipo m'mawa wina ndinaona chozizwitsa. Makorali anali atayera mbee, okongola ngati mano a mwana. Kufiirira konyansa kuja kunali kutatha. Ndinaitana mayi a Tawonga, ndinaitana alendo awiri amene anatsala, ndinatumiza uthenga kwa apongozi woti usipa wagwira ntchito. Kenaka ndinajambula chithunzi n'kutumizira bambo wa ku Dar es Salaam uja, ndi mawu othokoza.

Anandiimbira yekha. Anandifunsa zimene ndinachita, ndipo ndinamufotokozera zonse mwadongosolo. Nditafika pa usipa anandidula mawu.

"M'bale wanga," anatero motsitsa mawu, "zoyerazo ndi mafupa. Mwiniwake anali wofiirira uja."

Ndinakhala pansi pasimenti. Masiku onsewa ndinkadana ndi zamoyo, lero ndaitana anthu kudzasangalalira mitembo. Mayi a Tawonga sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotola mthiko wawo, n'kuununkhiza, n'kukauponya kudzala. Madzulo apongozi anabwera atavala jekete kudzalandira ulemu wawo, ndipo ndinachita kuwauza ndekha. Iwo anati mwina usipawo unachepa.

Tsiku lotsatira ndinayamba kuchotsa miyala kuti thankiyo ndiitsuke. Kuseri kwa mwala waukulu ndinapeza kachidutswa kamodzi kamene kanagwera kumeneko ine osaona. Kanali kofiirira, konyansa monga kale, koma katatambasula timanja take tobiriwira kunsonga. Getsi langa silinakafikire, dzanja langa silinakapeze. M'thanki monsemo kanapulumuka ndi kokhako kamene sindinakasamale.

Kalipo mpaka lero. Madzi ndimawonjezera opanda mchere, ndipo mayi a Tawonga analamula kuti ndikafika pathankipo manja azikhala m'thumba. Ndimamvera akakhalapo. Koma ndikakaona pakona pamene kaliripo ndimaona kuti kakanaoneka bwino kakanasunthira kumanja pang'ono chabe, ndipo Lachisanu lino iwo akupita ku Mzuzu.