Mbewa za Anduna

Lolemba

Anthu awa amamana mbalame chakudya! Ndaona ndi maso angawa.

Ndayamba maphunziro oweta akabawi pa famu ina kuseri kwa Chelstone. Chigulitsireni depoti yathu ya chimanga, alonda tonse tili pakhomo. Tsopano mwini watsopano akufuna anthu oulutsa kabawi kuti azipirikitsa nkhunda m'mashedi, koma akuti pakhale pepala. Mayeso ndi Loweruka: umuulutse, uimbe mluzu, abwerere padzanja pako. Basi! Satifiketi yoyamba m'moyo wanga, ine amene sindinapondepo m'kalasi. Zilembo izi ndinadziphunzitsa ndekha pa matumba a feteleza.

Mphunzitsi ndi Ba Chanda, mayi wachibemba. Kungomva kuti kwathu ndi ku Katete, andipatsa moni wa agogo m'chibemba chawo: "Shani ba shikulu, mwabwela kuphunzila olo kusakila mbewa?" Ndawayankha kuti wodya anyani asandifunse za ndiwo. Paja ife ndi Abemba timanyozana pachisuweni.

Andipatsa izi:
golovesi yachikopa, yakumanzere yokha
kachipewa kophimba mbalame kumaso
kabawi mmodzi, wamaso ngati wapolisi wa pamsewu

Ndamutcha Anduna. Ba Chanda amuika pasikelo ngati shuga, adula kanyama ka ng'ombe konga chikhadabo changa, akuti chakudya cha tsiku lonse n'chimenechi!

Lachiwiri

Ndafunsa za kanyamako. Akuti: "Ikakhuta siibwela, ba shikulu. Njala ndiye imaibweza pa kwanja."

Bodza. Ndaweta nkhuku, mbuzi, ana. Chamoyo chilichonse chimabwerera kumene chimadya bwino. Mkamwini wanga wa tayi uja amachoka ku Woodlands kubwera kuno ku Kabwata chifukwa chiyani? Chifukwa mkazi wanga Nabanda saumira nsinjiro.

Anduna akhala padzanja panga tsiku lonse. Masana ndikudya banzi, iwo akundiyang'ana pakhosi. Manyazi! Banzi silikutsika.

Madzulo ndatchera misampha ya mbewa m'timinda takuseri kwa Libala.

Lachitatu

Zakodwa, zonona! Ndazikulunga m'nyuzipepala, m'thumba la jekete. M'minibasi kondakitala akununkhiza: "Ba tata, mwanyamula chani?" Ndati mankhwala. Anthu asendera okha, mpando wonse wanga.

Ba Chanda atapita kukayankha foni, ndapereka. Anduna ayambira kumutu, atsirizira mchira, osasiya kanthu. Kadyedwe kakwathu! Kabawi uyu ndi wakum'mawa, sindikukayika.

Poyeserera abwera padzanja mochedwa pang'ono, koma mwaulemu. Munthu wolemekezeka sathamanga.

Lachinayi

Ba Chanda ayang'ana sikelo, ayang'ana Anduna, agogoda sikelo ndi chala. "Iyi sikelo yafa." Ndavomereza, zinthu za masiku ano sizilimba. Koma achepetsanso kanyama kaja! Ndiye ine ndawonjezera mbewa.

Tikuphunzira ndi anyamata awiri otsiriza sukulu, olemba chilichonse m'makope, ngakhale Ba Chanda akatsokomola. Mbalame zawo zimagwera padzanja ngati anthu olandira ufa wachithandizo. Ulemu palibe. Yanga imayamba yaganiza kaye.

Nabanda wauza kale amayi onse a kutchalitchi kuti Loweruka bambo akubwera ndi pepala. Wachita bwino. Adziwe.

Lachisanu

Mluzu ndaimba mpaka milomo kuuma. Anduna atsegula diso limodzi, atsekanso. Ndi kutentha, dzuwa la lero ngakhale ine landifoola.

Ba Chanda andizungulira, mphuno ili pa jekete. "Ba shikulu, mu thumba muli chani?" Ndati kamba wanga. "Dyani tione." Ndati sindidya pamaso pa akunja. Aseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka nkhope gwa: "Lelo isadye chilichonse. Mailo ni mayeso."

Mawa mayeso, ndiye agone ndi njala? Ana anga onse usiku woti mawa mayeso ndinkawaphera nkhuku, ndipo onse anakhoza. Nanga uyu ndimusale chifukwa ali ndi nthenga? Ndisanachoke ndamupatsa mende wamkulu amene ndinasungira Nabanda. Chithokomiro chake chafufuma ngati pilo. Tsopano ndiye takonzeka!

Loweruka

Suti, tayi ya mkamwini, nsapato zopolisha. Woyesa mayeso ndi mkulu wina wa magalasi, wosaseka. Anyamata aja aulutsa zawo, zabwerera ndi changu chawo cha umphawi chija.

Ine. Ndavula Anduna kachipewa, ndakweza dzanja. Kuuluka kwake! Azungulira bwalo lonse, mapiko tambalale, woyesa mpaka wagwira magalasi. Palibe ina yauluka chotero, alembe asalembe. Kenaka akatera pansonga pa bulugamu wamtali kuposa onse.

Ndaimba mluzu. Zii. Ndakweza kanyama. Akayang'ana ngati mmene mkamwini amayang'anira nyemba. Ndaitana dzina, ndawomba m'manja mwaulemu, ndagwada ndi suti yomwe m'fumbi. Iwo akonza nthenga, abisa mwendo umodzi.

Ndiye akhosomola. Kagwa kampira kaubweya, pafupi ndi nsapato ya woyesa. Akuti akabawi amatero, amabweza zimene sizigayika. Bwanji sanandiuze Lolemba? Ba Chanda akaphwanya ndi kamtengo: ubweya, timafupa, timano.

"Ng'ombe ilibe mano monga aya, ba shikulu."

Woyesa watseka cholembera.

Kutsika minibasi ku Kabwata, amayi a kutchalitchi ali pageti, nthungululu mpaka mseu wonse kutuluka. Nabanda wandiyalira chitenje: "Bambo, pepala lili kuti?" Ndati likadali mumtengo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndapita ku Chelstone kukaona ngati Anduna agona bwino.

Akadali pomwepo. Ndakhala patsinde mpaka dzuwa kupendeka, kulankhula nawo za kwathu. Ba Chanda atulukira, akweza dzanja, mluzu sanaimbe n'komwe. Anduna agwa ngati mwala. Chifukwa cha kanyama konga chikhadabo kaja! Ine sanandiyang'ane.

Ntchito ya nkhunda atenga anyamata. Golovesi ndabweza. Ba Chanda akuti: "Mukabwelenso chaka cha mawa, koma jekete mukasiye ku nyumba." Sindibwera. Kumana mnzanga chakudya sindingathe, ndakalamba nazo. Satifiketi ikhale.

Koma pakhomo pano amayi akunong'ona kuti ndinalephera, ndipo Nabanda wandipatsa chakudya osandiyang'ana. Zimenezo ayi. Ba Chanda atenge pepala loyera, alembe ndi dzanja lawo kuti pa ophunzira onse mbalame yonenepa, yonyezimira, youluka patali inali yanga. Adinde chidindo, abwere nalo okha kuno ku Kabwata, adzaliwerenge mokweza pageti!