Njerwa Zanga Pasukulu ya Eni

Lolemba

Abwana a ku Amanzimtoti apita kutchuthi, akuti maluwa awo ndikawaonenso sabata yamawa. Ndiye lero, koyamba chifikire kuno ku Durban, ndikupita kumsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wanga Tiyamike.

Malamulo amene mwanayo wandipatsa m'mawa:
- ndikhale kumbuyo
- ndisakweze mkono
- wina akandifunsa kanthu ndingoti yebo, eya wa Chizulu
- ndisamuitane dzina lonse, kusukulu ndi Tiya basi

Mwana wa giredi folo kulamula bambo ake! Koma ndazolowera. Tsiku lililonse ndimamuperekeza mpaka pakona pa ometa tsitsi, pamenepo amandisiya dzanja n'kumayenda yekha ngati sitidziwana. Anzake sadziwa kuti ndife a ku Malawi. Sindimudzudzula, inenso mu tekisi foni ikalira sindiyankha, kuopa kuti amva Chichewa changa. Koma zimandipweteka, n'kubisiranji. Ndimangofuna tsiku lina adzandiloze pamaso pa anzake n'kunena kuti awo ndi bambo anga.

Msonkhano. Ahedi ndi mayi wamagalasi, Chizungu chake chosalala. Akuonetsa pakhoma zolinga za sukulu chaka chino: ana aziwerenga, pakhale dimba, kuchedwa kuthe, papezeke chipinda cha laibulale. Mabuku alipo, anthu ena anapereka kalekale, koma ali m'makatoni kuseri kwa ofesi, mphemvu ndiye zikuwerenga. Chipinda palibe.

Bambo wina wamimba waimirira: boma limanga liti? Wina: kalata munalemba? Ahedi akuti analemba, akudikira yankho. Onse akugwedeza mitu, nkhani yatha.

Ine kukamwa yasa! Amuna andevu holo yonse, mikono ngati mitengo ya magetsi, kudikira boma chifukwa cha chipinda chimodzi? Kwathu ku Ntcheu sukulu ikasowa kalasi, abambo amaumba njerwa, amayi akutunga madzi, ana akututa pamutu. Kalasi yomwe ndinaphunziramo ine, matope ake anaponda ndi bambo anga.

Ndangozindikira mkono wanga uli m'mwamba. Ndati ndithandiza. Ahedi amwetulira, akuti thandizo lililonse alandira, ndipo Loweruka ndi tsiku loti makolo adzagwire ntchito pasukulu. Sanafunse kuti thandizo lanji. Inenso sindinanene.

Loweruka adzapeza njerwa zili m'mizere. Ahedi adzatchula dzina langa pa maikolofoni. Tiyamike adzaona!

Lachiwiri

Zofunika: chikombole, makasu, piki, madzi, chulu, anthu.

Chikombole. Kuhadiweya sachidziwa! Ndajambula papepala, ndafanizira ndi manja, wogulitsa wandibweretsera chiwaya chophikira buledi. Mzinda wonse uwu, nyumba mpaka kumitambo, wopanda chikombole ngakhale chimodzi. Achimwene a Yohane, amene amagwira ntchito kufakitale ku Prospecton, akuti akhoma okha ndi matabwa otayidwa.

Anthu. Ndalemba pagulu lathu la pafoni la a Malawi a ku Cato Manor. Mayankho:
"Zabwino zonse achimwene."
"Eish, ndili pa piece job."
"Mukufuna atidziwe tonse?"
Wina wangotumiza kachithunzi ka manja opemphera.

Anthu omwewa paukwati amadzaza holo mpaka pakhonde! Atsala a Yohane ndi a Mailosi atelala, amene khasu analigwira komaliza asanamere ndevu.

Chulu. Palibe! Ndazungulira sukulu yonse, chiswe cha kuno kaya chimagona kuti. Koma kuseri kwa makalasi kuli malo abwino, osalala, a kapinga, mpopi uli pafupi. Baba Zondi, wosamalira pasukulu, waona makasu, waganiza kuti ndi za dimba, wati sharp n'kunditsegulira geti. Akuti ahedi apita kumaphunziro a mahedi, abwera Lachisanu. Zili bwino, adzapeza zitayamba kuuma.

Amake Tiyamike, akusita zovala osandiyang'ana n'komwe: "Munthu woopa kuyankha foni mu tekisi ndiye akufuna kuotcha uvuni pasukulu ya eni?"

Mayiyu za chitukuko sazimvetsa.

Lachitatu

Takumba. Mchenga! Njerwa yoyamba yatuluka m'chikombole n'kukhala pansi ngati yatopa. Yachiwiri chimodzimodzi. A Mailosi akuti mwina dothi labwino lili pansi. Takumba mpaka m'maondo, mchenga. Mpaka m'chiuno, ndiye dongo, lofiira, lomata bwinobwino. Mtima m'malo.

Tathira madzi, tavula nsapato, tapinda mathalauza, tayamba kuponda. Ndaiwala chinthu chimodzi: buleki.

Belu kungolira, sukulu yonse yatizinga. Amuna atatu m'dzenje, matope mpaka m'ntchafu. Kamtsikana kena kakundifunsa: "Malume, ubani oshonile?" Kakufuna kudziwa wamwalira ndani. Akuyesa tikukumba manda! Nawo a Yohane mwendo ukangolowa m'matope pakamwa sipatseka, ayambitsa nyimbo ya kwaya ya kwawo, Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Ndawatsina. Akweza mawu.

Tiyamike ndamuona kumbuyo kwa anzake. Nayenso wandiona. Watembenuka, walowa kuchimbudzi, sanatulukeko mpaka belu.

Kunyumba wangoti: "Munalonjeza kukhala kumbuyo."

Asadandaule. Akadzaona khoma litaima adzamvetsa. Taumba mizere inayi, tafunditsa udzu.

Lachinayi

Mayo ine, njerwa zanga!

Zomwe ndapeza m'mawa:
- mzere woyamba, mapazi a apusi. Apusi pakati pa mzinda, oyenda ngati amalipira lendi!
- wachiwiri, ana alembamo maina awo ndi zala, wina wajambula mtima wolasidwa ndi muvi
- wachitatu, mpira unadutsapo, osewera ake n'kutsatira
- wachinayi uli bwinoko, kungoti aphunzitsi a giredi wani atapapo dongo, akuti ana aumbire ng'ombe

Kwathu mwana sangayerekeze kuponda njerwa yaiwisi ya chitukuko, amadziwa kuti aliyense wodutsa ali ndi ufulu womukoka khutu. Kuno ukangomuyang'ana mwana mokwiya akuti akakunenera.

A Mailosi sanabwere. Akuti msana, komanso ali ndi madiresi a ukwati.

Tikukumba awiri. A Yohane achokera kuntchito yausiku osapuma, akuponya piki ngati akulota. Kenaka phuu! Madzi kuthovoka kupitirira denga la kalasi. Paipi! Ndani amakwirira paipi pamalo abwino chonchi osaikapo ngakhale mwala?

Baba Zondi akuthamanga, akukuwa mawu amene sindingalembe muno. Watseka madzi a sukulu yonse. Zimbudzi zauma. Amayi ophikira ana chakudya atulukira mithiko ili m'manja, akufunsa kuti wachita zimenezi ndani, ngati pali amuna ena amatope pabwalopa. Sukulu yaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ana akutuluka akuvina, ena akundigwira chanza ngati ndine phungu wa kunyumba ya malamulo. Wanga yekha wadzera geti lakumbuyo.

Madzulo wadya atandifulatira.

Lachisanu

Ahedi abwera. Aima m'mphepete mwa dzenje. Avula magalasi, apukuta, avalanso. Dzenje likadalipo.

Ndafotokoza zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja: njerwa ziume kaye, tipange uvuni, tipeze nkhuni, tiotche.

"Fire, baba? Lapha esikoleni?"

Kungomva za moto pasukulu pawo, mayi adumpha ngati aponda njoka. Baba Zondi wagwira kumutu.

Zomwe ndaphunzira lero: kuno munthu sumanga kalasi chifukwa choti uli ndi manja. Pamafunika pulani, injiniya, wodzayendera, ndi wina wodzayendera woyenderayo. Njerwa yosachokera kufakitale saiwerengera kuti ndi njerwa! Ndati kalasi ya bambo anga ikadaima mpaka lero. Akuti zimenezo n'zosangalatsa.

Koma chachikulu ndi ichi. Kumaphunziro kuja ahedi apezako mwayi, kampani ina yapereka kontena kuti ikhale laibulale. Ibwera mawa pa lole. Malo osalala okwana kontena pasukulu yonse ndi amodzi okha.

Ndayang'ana dzenje langa, lili pamalo omwewo.

Akuti paipi akonza ndi odziwa ntchito, ine ndikwirire dzenjelo lole isanafike. Tayamba ndi a Yohane. Tisanafike patali kumwamba kwada bii, yagwa mvula ya kunyanja ija yopanda ulemu. Tabisala pakhonde la kalasi, tikuonerera njerwa zikusungunuka imodziimodzi.

Amake Tiyamike: "Walira mvula walira matope. Koma inu munangolira matope, mvula yabwera yokha."

Loweruka

Tsiku la makolo. Abwera ambiri, ndi penti, mabulashi, mbande za sipinachi, ena atavala zoyera. Kodi kuthandiza kwake n'kumeneku! Kupenta mizati ndi kujambulitsa zithunzi basi? Bwenzi wina atandinong'oneza Lolemba lomwe lija.

Dzenje lasanduka dziwe. Njerwa ndi phala. Achule afika kale, kaya anawauza ndani.

Lole yafika. Dalaivala akubwerera cham'mbuyo kuti alambalale dzenje, matayala alowa m'matope athu mpaka theka. Kontena yapendekeka. Amayi akuwa. Makolo onse kukankha, zoyera zija tsopano n'zofiira.

Ahedi atchula dzina langa pa maikolofoni. Lonse, ndi la makolo lomwe. Akuti ndibwere kutsogolo.

Bambo wamimba uja wakuwa liwu lachipongwe lija amatitchula nalo ife obwera. Ena awiri abwereza. Apa ndiye ndaopa zenizeni, maso akufufuza kuti geti lili kuti ndipo mwana wanga ali pati. Ahedi akundifunsa zinazake koma Chizulu chonse chathawa m'mutu, Chizungu nacho chatsatira.

Ahedi aitana Tiyamike kuti amasulire. Mwana wanga watuluka pakati pa anzake, maso pansi, amupatsa maikolofoni. Sukulu yonse yamva:

"Ababa, akuti dzenje mukwirira liti?"

Chiyambire giredi wani mwanayu akubisa, ndipo ndamuululitsa ndi ine bambo ake, pa sipika. Mtima wandiwawa kuposa mantha aja.

Chandipulumutsa ndi mwano wina. MaNgcobo, mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pageti, watola chikombole chathu, wachitembenuza uku ndi uku, waphulika kuseka. Akuti kwawo kumudzi nawonso amaumba zidina, koma zikuluzikulu, zosakaniza ndi udzu, zangazi n'zomangira khola la nkhuku. Bambo wina akuti udzu ayi, ndowe. Wina akuti kwawo amathira phulusa. Wamimba uja naye walowerera, akuti onsewo sadziwa kanthu, iye anamanga nyumba ya amayi ake ndi manja awa. Mkangano mpaka masana, ine andiiwala.

Anthu onsewa amadziwa kuumba! Lolemba anangokhala duu ngati anabadwira m'simenti!

Lole yatulutsidwa ndi lole inzake. Kontena aitula pafupi ndi geti, pamalo pomwe ahedi amaimika galimoto yawo.

Lamulungu

Kutchalitchi a Mailosi akundithawa maso. Abusa apempherera abale amene akukumana ndi mayesero pantchito za manja awo, mpingo wonse wacheukira kwa ine. A Yohane agona ulaliki wonse, matope akadali kukhutu.

Chitukuko changa sabata ino: njerwa palibe, dzenje lilipo, paipi yatsopano, achule. Ahedi andiika m'komiti yosamalira bwalo pamodzi ndi MaNgcobo, akuti munthu wokumba chonchi ndi bwino azikumba pomwe wauzidwa. Dzenje ndizikwirira pang'onopang'ono m'mawa uliwonse ndisanapite kumaluwa a abwana. Wilibala ndabwereka. Uvuni sudzayaka. Basi.

Tiyamike chiyambire dzulo sanandiyankhule. Ndamupepesa, wangopitiriza kupolisha nsapato zake za kusukulu. Amake akuti ndimusiye. Ndakhala panja pa ndowa yovundikira, ndikuchotsa matope m'zikhadabo, ndikudzifunsa kuti mkono uja unakwera bwanji.

Kenaka Tiyamike watuluka, nsapato zili m'manja.

"Mawa mundiperekeza?"

Ndati eya, mpaka kwa ometa tsitsi.

"Mpaka pageti. Ndibisanso chiyani? Ngakhale a giredi wani akukudziwani, akuti uBaba Wodaka."

Ndiye kuti bambo wa matope.

"Koma a Yohane asabwere. Ndipo muvale nsapato."

Si mmene ndinkafunira, koma ndalandira ndi manja awiri. Ndatenga polishi amene wasiya, ndikupolisha zanga.