Nthutumba za kwa Ajapani

Lolemba
Abwana atidulira ma hours. Akuti recession. Ndiye Loweruka ndili pa off, koyamba chibwerereni kuno kwa azungu. Anzanga akulira, ine ndaganiza zokadya kunja. Ndekha!

Pomwe ndimatsikira basi m'tauni pali kabala ka Ajapani, ka nyali yofiira pakhomo. Ndimasuzumira podutsa. Munthu amakhala phee payekha, kambale kake, kabotolo kake, popanda womuyankhulitsa. Ine kuntchito ndimadyetsa okalamba ndi supuni tsiku lonse, ndipo kunyumba kuno ku Ballymun tilipo six patebulo limodzi. Zomwe ndikufuna:
– mpando umodzi
– mbale imodzi
– pakamwa pamodzi, panga.

Lachiwiri
Ndalakwitsa. Ndauza Amake Taonga, mayi wa ku Zambia amene timagawana nawo nyumba. "Mweka? Monga mfiti? Iyayi, tizayenda tonse." Ndayesa kufotokoza kuti kukhala ndekhako ndiye ulendo wake. Andigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi.

Lachitatu
Tsopano tili anayi. Amuna awo akuti adzatiteteza, sindikudziwa kwa ndani. Mwana wawo Taonga: "Do they have chips?" Wina wake wauza amayi abusa.

Lachinayi
Amayi abusa aimba foni. "Achemwali, mowa wa mpunga ndi mowa ndithu." Komabe akuti abwera, akaone okha tchimolo asanalidzudzule. Bambo a Taonga akufunsa ngati tingatenge tsabola wathu wa kambuzi. Zafika ngati ulendo wa kuchinkhoswe, kwangotsala lole.

Lachisanu
Ndanama. Ndati abwana andiitana, pali shift Loweruka. Onse andimvera chisoni, kupatula amayi abusa amene akuti Mulungu wayankha. Yunifomu pamwamba m'chikwama, diresi pansi. Chikumbumtima zii.

Loweruka
Ndafika! Ndikungolowa, ophika onse akuwa nthawi imodzi. Ndimayesa ndaponda chinachake, kani ndi moni. Andipatsa kansalu kofunda kopukutira m'manja. Mowa nawo wofunda, m'kakapu kongokwana mlomo. Nyama pa timitengo: nthutumba, mitima, chikopa cha nkhuku. Kanyenya weniweni, wangovala suti.

Mtendere! Timitengo todyera tikundikana, koma palibe wondiseka. Ndasangalala, ndinene zoona.

Kenaka pampando woyandikana nane pakhala bambo wina wachizungu. Mowa umodzi, mbale palibe. Ayang'ana nthutumba zanga kamodzi kokha. Dzanja langa lakankha mbale lokha, pakamwa nkuti tiyeni tidye. Kwathu amenewo ndi mawu aulemu chabe, winayo amati zikomo, ndadya kale. Awa sakudziwa kuti amakana. Adya.

Dzina lawo a Declan, omanga nyumba. Ntchito inatha, akazi awo anapita kwa achemwali awo ku Skerries. Nkhani yonse, ndi zithunzi zomwe. Pozindikira ndikuwachotsera nyama pakamtengo ngati ndili pa shift. Potsanzikana pakamwa panga pabwerezanso: mudzatiyendere. Afunsa nambala ya nyumba. Ungakane bwanji utaitana wekha?

Lamulungu
Abwera. Ndi maluwa. Tangofika kumene kuchokera kutchalitchi, amayi abusa ali pomwepo. A Declan afotokozera aliyense mmene tinakumanirana, kuyamikira mtima wanga wabwino, osaiwala timabotolo. Taonga wabwereza mokweza kwa amene sanamve. Amake Taonga: "Kansi ndiye shift yamene iyo."

Mlendo salakwa. Awapatsa mpando wanga ndi ntchafu ya nkhuku. Ine andigawira bwinobwino, mbale nkundisiyira kukhitchini.

Ndikudya choimirira pafupi ndi firiji. Ndekha. Kuseri kwa chitseko akuwaphunzitsa kunena zikomo, akuseka nyumba yonse. Ndiwo zachepa mchere, ndipo palibe woti ndimudandaulire.