Maginito Anayandama, Nkhunzi N'kufera Pawindo

Anzanga, mukamva kuti munthu anapita patali ndi sukulu musamafulumire kumusirira. Ine ndinatha zaka ku Joni ndikufufuza za tinthu tina timene tikazizira kwambiri magetsi amadutsamo osatayika ngakhale pang'ono, osatenthetsa ndi waya yemwe. Ndinabwerako ndi kamodzi, kakuda, kobulungira ngati chitsekerero cha botolo, ndipo ndinkayenda nako m'thumba la jekete pamodzi ndi kamaginito. Kanthuka kakazizira, maginito ukawaika pamwamba pake sagwa, amangoyandama m'malere. Koma kuti kazizire chotero pamafunika nayitirojeni wamadzi, madzi ozizira koopsa ofuka utsi woyera, ndipo kuno ukamupeza kuti?

Tsono Loweruka lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndinapita kwawo kwa Tadala, chibwenzi changa, kuseri kwa Mitundu ukamalowera ku Dzalanyama. Ankhoswe anali asanakumane chifukwa bambo ake, a Mbewe, anali asanandivomere. Ndikamawafotokozera za kafukufuku wanga ankangoti "Ooo," maso ali kukhola kumene kunali ng'ombe yawo ya mkaka. Zinkandiwawa, ndisaname, ndipo ndinkaopa kuti Tadala andipulumuka.

Tsikulo ng'ombeyo inkangolira osapuma. Posakhalitsa panafika alangizi a ziweto pa njinga yamoto, anatsitsa chigubu chachitsulo n'kuchikhazika pamthunzi pakhonde, amvekere abweranso dzuwa likapendeka, akaone kaye mbuzi zodwala kutsidya. A Mbewe anawaperekeza mpaka kumsewu.

Ine kungochiona chigubucho mtima unadumpha. Ndinachidziwa, chinali cha nayitirojeni! Nditatsegula, utsi woyera uja unatuluka mwaulemu n'kutsikira pansi, ndipo ndinangoti Mulungu wandikumbukira. Mkati munali mutakolekedwa timitsuko tokhala ndi timachubu tonga ta inki ya bolopeni. Ine mwana wa m'tauni, amene mkaka ndinaudziwira m'pepala, ndinati ndi katemera basi. Ndinatizula n'kutiika pawindo, kamphindi chabe, kuti ndithire bwino m'mbale. Kamphindi chabe, anzanga!

Mbale ija ndinapita nayo pansi pa mtengo wa mango, a Mbewe akubwera kumene.

"Madzi ofuka utsiwa mwawatenga kuti, achimwene?"

"Ndifotokoza, bambo, taonani kaye."

Ndinaikamo kanthu kanga kakuda, madzi anabwata n'kukhala bata, ndipo ndinasanjika maginito. Sanagwe. Anaima m'malere pamwamba pa utsi, nditawagunda ndi kaudzu anayamba kuzungulira pang'onopang'ono popanda chowagwira. Ndinapititsa udzu uja kunsi kwake kuti aone kuti palibe ulusi. A Mbewe anavula chipewa. Amayi ake a Tadala, amene chiyambire sanandiyandikepo, ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe dzanja lili pakamwa.

Basi ine ndinachoka pa dziko lino. Ndinayamba kuwauza za sitima yopanda mateyala, yoyandama pamwamba pa njanji kuchoka pa Mitundu kukafika m'tauni tiyi asanazizire, yosadzutsa ndi fumbi lomwe. Ndinawauza za mawaya amene sadya magetsi panjira, nyumba zonse mpaka kuphiri zikuwala. M'mutu mwangamu ndinkaona Tadala atavala zoyera m'sitimamo, mphepo ikukupiza velo, a Mbewe ali pampando wakutsogolo akuuza aliyense kuti zonsezi ndi nzeru za mwana wawo.

Kanthu kaja katayamba kufunda, maginito anatera pansi mofatsa. "Bwerezani!" anatero a Mbewe. Ndinathamangira kukhonde kukathiranso. Anabwera oyandikana nawo, ndinathiranso. Anaima amayi ochokera kuchigayo, mitolo ili pamutu, ndinathiranso. Mungakane bwanji anthu akukuomberani m'manja? Pomaliza ndinachita kuchipendeketsa chigubucho kuti ndikhetse madontho otsala.

Kenako njinga yamoto ija inamveka. Alangizi ananyamula chigubu, anachigwedeza, anatsegula, n'kukuwa:

"Nkhunzi yanga ili kuti?"

Ine ndinayang'ana kukhola. "Nkhunzi itinso, bambo?"

Tonse tinatembenukira kuwindo. Mthunzi unali utasuntha kalekale, timachubu tija tili padzuwa, kamodzi nkhuku ikuthamanga nako kukamwa. Alangizi anakhala pansi n'kugwira mutu. Anati mmenemo munali mbewu ya nkhunzi yachizungu, ya mkaka wambiri, imene a Mbewe anaidikira miyezi, ndipo ikangofunda ndiye kuti yafa. Ng'ombe ija inkalira chifukwa tsiku lake lofuna nkhunzi linali lomwelo. Abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Tadala anangolowa m'nyumba.

A Mbewe anavala chipewa chawo, analowa m'khola, n'kutuluka ndi ng'ombe n'kundipatsira chingwe m'manja.

"Zimene mwationetsazi n'zodabwitsa ndithu. Koma iyi sidikira mawa. Tiyeni."

Kumudzi wina kutsidya kwa dambo kunali kankhunzi kachikuda, kakafupi, ka linunda. Ulendo wake musandifunse. Ine wa jekete ndi nsapato zosongoka, sindikudziwa ngati ndinkakoka ng'ombe kapena ndi iyo inkandikoka, koma padambo ndinagwada kawiri m'matope popanda wondipempherera. Titafika, abambo amene ankasewera bawo anasiya bawo n'kudzazungulira khola, ine ndili pakati, chingwe m'manja, maso ndikusowa powaika pamene kankhunzi kaja kankagwira ntchito yake mosachita manyazi.

Mwini khola anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Nanga abwanawa ndani, a Mbewe?"

"Ndi mkamwini wathu uyu. Watiphera nkhunzi, ndiye ayambe wagwira chingwe."

Mkamwini! Anthu anafa nazo kuseka, koma ine misozi inalengeza ndi chimwemwe, moti ndinataya chingwe kuti ndiombe m'manja mothokoza, ng'ombe n'kuliyatsa liwiro kulowera kudambo. Kuchokera tsiku limenelo, chigubu cha mwini sinditsegula, ngakhale chitafuka utsi wokongola bwanji.