A Mfundo ndi Zingwe Zawo

Pakampani yathu yobwereketsa matenti panali mkulu wina amene ankakonda zingwe kuposa anthu. Tinkawatchula a Mfundo. Kuwatukwana ankangoseka, koma kuponya chingwe pansi chili chopiringizika, mlandu wake unkatha sabata.

Mosungira katundu mwawo chingwe chilichonse chinali ndi msomali wake. Ankachikulunga pachigongono, kuchimanga pakati, n'kuchipachika mofatsa ngati akugoneka khanda. Akazi awo ankadandaula: "Ine zaka makumi atatu m'banja, sanandifunsepo ngati mutu ukundipweteka. Koma chingwe choyanikira zovala, m'mawa uliwonse amakachiona mmene chadzukira."

Tsiku lina bwana wathu, atangobwera kumene ku maphunziro, anaitanitsa msonkhano wa dongosolo pantchito. Analankhula ola lathunthu. Kenako pofuna kutulutsa foni m'chikwama, panatuluka mtolo wa mawaya, makiyi ndi tayi, zonse zitakolana.

"Pitirizani, bwana," anatero a Mfundo akulanda mtolowo. "Inu nenani dongosololo, ine ndizilipanga."

Koma tinasiya kuwaseka tsiku limene tinkadzutsa tenti pamunda wina. Dalaivala wathu, akuyenda chafutambuyo ndi mzati, anagwera m'chitsime chakale. Tinamva phuu, kenako kukuwa. Ife tinathamangira zingwe zathu zimene tinaunjika pa lole, koma zinangotuluka chimtolo chimodzi ngati chisa cha mbalame. A Mfundo anafika ndi chawo, kuponya kamodzi, chingwe chonse tambasu mpaka pamadzi. Tinamukoka munthu uja akulavula matope.

"Achimwene, mwandipulumutsa," analira dalaivala, akufuna kuwakumbatira.

"Taima kaye," anatero a Mfundo. "Chingwechi wachinyowetsa. Ukachichape, uchiyanike pamthunzi, osati padzuwa."

A Mfundo anamwalira chaka chatha atangodwala masiku atatu. Kumanda, potsitsa bokosi, zingwe zinakolana. Amuna anayi thukuta kamukamu, wina kukokera uku, wina uko, bokosi lili pendapenda. Abusa anabwereza vesi kawiri. Ndiye mayi wamasiye uja, misozi ili m'masaya, anati: "Chonde fulumirani, angadzuke bambowa." Anthu anaseka mobisa m'mipango, ena kusekako kunasanduka kulira. Dalaivala ndiye anagwada pa dothi, n'kumasula mfundozo imodziimodzi.

Pano bwana anagula mabokosi apulasitiki okongola, olembedwa manambala. Timangoponyamo zonse, malamba, zikhomo ndi zingwe, n'kutseka chivundikiro msanga. Ntchito ya mphindi khumi ikumatitengera m'mawa wonse, aliyense ataweramira mtolo wake. Dzulo mnzathu watsopano anatopa, anatulutsa mpeni n'kudula chingwe pakati. Tonse tinacheukira kukhomo nthawi imodzi. Sipanalowe munthu.